Ankati Watengera Khosi Langa

Kuwerenga ndinakuphunzira ndili kale ndi ndevu. Sukulu ndinangoyilawa, chifukwa ng'ombe za bambo anga zinkandifuna kuposa mmene aphunzitsi ankandifunira. Zilembo ndinadzazitola pambuyo pake, chimodzichimodzi, pa nyuzipepala zakale zomwe amakulungira usipa ndi sopo pa msika wa Lizulu. N'chifukwa chake nkhani zambiri za m'dziko muno ndimazidziwa theka. Pomwe nkhani yayamba kukoma ndi pomwe wogulitsa anang'ambira pepala.

Diso langa lakumanzere linabayidwa ndi phesi ndili mnyamata, ndipo mpaka lero limaona ngati lili m'khitchini ya nkhuni zaziwisi. Ndiye powerenga ndimapendeketsa mutu, khutu lakumanja kutsikira paphewa, chibwano kuloza kumanzere, kuti diso labwinolo litsogole. Zaka zitachuluka mutu unangozolowera. M'tchalitchi, pamaliro, pa msonkhano wa makuponi, ine chipendekekere ngati nkhuku yoona kabawi. Alendo amayesa ndikumvetsera mozama. Mkazi wanga amati ndi kuwodzera kwaulemu.

Ndayamba ndi khosi langa chifukwa popanda ilo za mdzukulu wanga sizingamveke.

Mwana wathu wamwamuna amagwira ntchito ku Joni. Anakwatira mtsikana wa ku Bwanje, n'kumubweretsa kuno ku Mlangeni kuti azikhala nafe, iye n'kubwerera. Mtsikanayo anakulira kotentha, kwa mpunga, ndipo chaka chake choyamba kuno anachithera m'juzi ya mwamuna wake, akunjenjemera. Mwamunayo anadzabwera kamodzi kudzationa, osakhalitsa. Pasanapite nthawi mpongozi wathu anaoneka kuti ndi woyembekezera.

Kuseri kwa khola lathu kuli nyumba ya mlongo wanga. Iyeyu chilembo sadziwa n'chimodzi chomwe, koma miyezi ya mimba za eni amaiwerenga pa zala. Mwana anabadwa zala za mlongo wanga zisanakwane. Anabadwanso movutika, mayi ake atasauka naye nthawi yaitali kuchipatala, koma zimenezo mlongo wanga sanaziwerengere. Palibe ananena kanthu poyera. Kuno sitinena poyera. Timangosiya kuseka munthu akafika pamjigo, n'kuyambiranso akasenza ndowa. Mpongozi wathu anayamba kutunga madzi anzake atatunga kale. Mwana wathu ku Joni kuja anayamba kuimba foni patalipatali, ndipo akaimba ankangofunsa za ng'ombe.

Ndinkaziona zonsezi, koma ndikanatani? Mwa chikhalidwe chathu, ine ndi mpongozi sitikhala mphasa imodzi. Tikakumana panjira amapatuka n'kunyonyomala, moni timapatsana nkhope zitayang'ana kwina, ndipo ngati pali mawu amadzera kwa mkazi wanga, yemwe amawachepetsa kapena kuwathira mchere monga wafunira.

Tsiku lina mwanayo ali ndi miyezi ingapo, anamugoneka pamphasa pakhonde ine ndikuwerenga chapambali. Mkazi wanga anatuluka ndi lichero, anaima, n'kuphulika kuseka.

"Inu, tasiyani pepalalo muone mkazi mnzangayu. Wakuberani khosi!"

Ndinayang'ana. Kamutu kanali katapendekekera kumanja, kachibwano kuloza kumanzere, maso ali pa ine mokayikira, ndendende mmene ine ndimayang'anira nkhani ya mitengo ya feteleza. Mkazi wanga anaitanitsa mlongo wanga. Anabwera akupukuta manja, anayang'ana mwana, anayang'ana ine, anayang'ananso mwana nthawi yaitali ngati akugula mbuzi.

"Iii, koma abale," anatero. "Uyu ndi wathu. Khosi ili ndi la achimwene, palibenso kwina."

Mawu amenewo anafika pamjigo dzuwa lisanalowe. Wina anatijambula pa foni, ine ndi mwana titapendekekera mbali imodzi ngati mitengo ya pamphepo, n'kutumiza ku Joni. Foni inayamba kulira pafupipafupi, ndipo za ng'ombe zinkabwera kumapeto. Mpongozi ndinamumva akuimba posinja, koyamba chibwerereni. Ine ndiye musanene. Ndinali nditawerengapo theka la nkhani ya mmene mwana amatengera makolo kudzera m'magazi, ndipo theka limenelo ndinalifotokozera aliyense wodutsa pakhomo. Anzanga amasiyira adzukulu minda ndi njinga. Ine ndinali nditasiya kupendekeka, ndipo ndinkayenda nako monyada.

Kenako inafika nyengo yokumba kachewere. Mwezi wa Julaye kuno mphepo imachokera ku Mozambiki ngati yachita kutumidwa. Tinapita ndi matumba ku Lizulu pa ngolo, ndipo thumba lina ndinalisenza ndekha, kuiwala msinkhu. Ogula anachedwa. Ndinatsamira matumba, pepala lili m'manja, n'kugona pomwepo khosi litapindika, mphepo ikulowera m'kolala. Mawa lake podzuka mutu unakana. Sikunali kupendekeka kwanga kwa masiku onse kuja. Ichi chinali chingwe chomangidwa kuchokera kuseri kwa khutu mpaka paphewa, ndipo ndikati ndicheuke chinkandibaya mpaka misozi. Munthu akandiitana ndinkatembenuka thupi lonse ngati ngolo.

Mkazi wanga anachita zonse zomwe timachita kuno. Pilo anamuyanika padzuwa, akuti ndiye wolakwa. Kenako anandigwaditsa pafupi ndi mtondo, anatenga munsi, n'kumaugubuduza pakhosi panga ngati akufuna kundisandutsa chapati.

"Musalire, akulu inu, mdzukulu akumva."

"Sindikulira, ndikuyamika."

"Yamikani chamumtima."

Anabweranso mnzanga wina wa m'mudzi yemwe amati amadziwa kubwezera khosi m'malo mwake, kungolipotola kamodzi basi. Ndinamuyang'ana manja, manja ogwetsa ng'ombe pothena, ndipo ndinamuuza kuti ndapezako bwino.

Patapita masiku osasintha, ndinavomera zopita ku chipatala chathu chaching'ono. Linali tsiku la sikelo, ndiye mpongozi naye ananyamuka ndi mwana kumbuyo. Tinayenda mwaulemu wake: ine patsogolo, iye m'mbuyo patali ndithu. Kucheuka sindikanatha, choncho ulemu unasungika bwino kwambiri tsiku limenelo.

Adokotala anali bambo wooneka wotopa kuposa odwala ake. Anandifunsa ngati thupi likutentha, ngati mutu ukuwawa kwambiri, ngati ndinagwa, ngati manja akuchita dzanzi. Zonse ndinakana.

"Ndiye si zoopsa, madala," anatero. "Likanakhala kuti lauma pamodzi ndi kutentha thupi, kapena mutagwa pa ngolo, ndikanakutumizani ku boma pompano. Iyi ndi minofu. Mwaisenzetsa katundu, mwaigoneka chopindika, mphepo n'kumalizitsa. Ndiye yakwiya, yakungika. Muzithowa ndi kansalu ka madzi ofunda, mumwe mapiritsi awa opha ululu, ndipo muziliyendetsa pang'onopang'ono, osalisunga ngati dzira. Posachedwa mukhala mukucheukira atsikana."

"Nanga munsi?"

"Munsi ubwerere mu mtondo. Ndipo wina asakupotoleni."

Ndinawauza kuti ngakhale ndichire, kuwongoka sindingawongoke, poti kupendekeka ndi kwa mtundu wathu. Pofuna kupereka umboni ndinaloza pakhomo, pomwe mpongozi ankandidikira sikelo itatha. "Ngakhale mdzukulu wanga uyo watengera."

Adokotala anayang'ana, ndipo sanaseke. Anaitana mpongozi kuti alowe, n'kumuuza agoneke mwana pabedi. Anagwedeza makiyi kumanzere, mwana anawatsatira. Anawagwedeza kumanja: maso anapita, koma mutu unafika pakati n'kuima. Anapapasa pakhosi mbali yakumanja, kenako anatenga chala cha mayi ake n'kuchiika pomwepo.

"Mukukamva kanthu kolimba ngati nyemba?"

"Eya," anatero mpongozi chapansipansi. "Ndinakamva kale pomusambitsa. Ndimayesa ndi mmene alili."

"Madala, inu mumapendekeka chifukwa chiyani?"

Ndinawauza za phesi lija.

"Ndiye zanu ndi za diso. Phesi silidutsa m'magazi. Mwanayu mnofu uwu, wochoka kuseri kwa khutu kutsikira pachifuwa, ndi waufupi mbali imodzi. Zimachitika mwana akakhala mopanikizika m'mimba, kapena akabadwa movutika. Si ufiti, si kulakwa kwa mayi. Akadali wanthete chonchi umawongoka ndi mafizo, koma pamafunika khama la tsiku ndi tsiku. Mukausiya, taonani kuno kwayamba kale." Anatembenuza kamutu kutionetsa mbali yomwe inali itaphwatalala chifukwa chogonera kumodzi. "Nkhope imakula chokhota, ndipo akakula pamafunika opaleshoni. Mupite naye ku boma, kwa a mafizo. Musachedwe."

Tikutuluka anawonjezera kuti, "Ndipo inu madala, powerenga muzisuntha pepala, osati mutu." Zaka zonsezi, mapepala onse aja, nzeru imeneyi iyenera kuti inkalembedwa ku theka long'ambidwalo.

Pobwerera ndinamva mapazi a mpongozi akuyandikira kuposa mmene amayenera. Pa mlatho wa mitengo, pomwe palibe nyumba pafupi, anaima.

"Bambo."

Chibwerereni pakhomo pathu anali asanandiyambepo kulankhula. Ndinatembenuka thupi lonse.

"Likawongoka, adzati ndi wa yani?"

Anafunsa akuyang'ana pansi. Ndinafufuza m'mutu mwanga, m'mapepala onse a usipa, yankho osalipeza. Khosi lopindikalo ndi lomwe linamubwezera malo pamjigo, ndi lomwe linabweza mawu a mwamuna wake pa foni. Tsopano ankauzidwa kuti alichotse ndi manja ake omwe.

"Apongozi," ndinatero, "mwanayu adzakhala nalo khosili ife tonse titapita. Tiwongole kaye. Zinazo tiziona."

Anamasula nsalu, anatembenuza kamutu ka mwana kuti kayang'ane kumanja, n'kumanganso. Mwana analira njira yonse. Ndinazindikira kuti mpongozi anali atasankha kale asanandifunse.

Khosi langa linachira monga ananenera adokotala, n'kubwerera ku kupendekeka kwake kwakale. La mwana ndiye linatidya miyezi. Ku boma mayi wa mafizo anationetsa kachitidwe kake: wina agwire mapewa kuti asanyamuke, wina agwire mutu ndi manja awiri, aupendeketse pang'onopang'ono kupita kuphewa lakumanzere, adikire, kenako atembenuze chibwano kupita kumanja, adikirenso. Osakakamiza, osagwedeza. Kangapo patsiku, tsiku lililonse. Anatiuzanso kuti tisinthe zonse zomwe mwana anazolowera. Pomubereka nkhope iziyang'ana kumanja. Poyamwa aziyamba bere lomwe amalikana. Pogona, khomo ndi kuwala zikhale kumanja kwake, ndipo akakhala maso azigonekedwa chafufumimba kuti azidzutsa mutu yekha.

Inali ntchito ya anthu awiri. Mkazi wanga anayesa tsiku loyamba. Mwana atalira kulira kuja komeza mpweya, anasiya mapewa n'kuimirira.

"Ine ayi. Mukufuna ndiphe mkazi mnzanga chifukwa cha dokotala wa makiyi? Mwana anali bwinobwino, akufanana ndi agogo ake. Mwasowa chochita?"

"Akuti akakula nkhope idzakhota."

"Yanu inakhota kalekale, ndinakukanani?"

Anatenga khasu n'kupita kudimba. Panatsala ine, mpongozi, ndi mwana pamphasa. Kenako ndinagwada, mawondo akudandaula, pamphasa ija yomwe mwambo umandiletsa, n'kugwira timapewa.

Kuzolowera sitinazolowere. Mitu yathu inkatsala pang'ono kugundana, iye akuyang'ana khosi, ine ndikuyang'ana denga, mwana akutilalatira tonse. Mlongo wanga anatipeza choncho m'mawa wina.

"Achimwene! Mphasa imodzi ndi mtengwa? Bambo athu akanakhala moyo..."

"Akanagwira miyendo, achemwali. Ikumenya kwambiri."

"Sekani. Chizindikiro chomwe Mulungu anaika, inu mukufufuta. Mudzandiuza."

Kutopa kwake si kwa kulima. Polima umaona mzere womwe wamaliza. Apa unkachita lero, mawa, mkuja, khosi lili pomwepo. Maulendo a ku boma pa minibasi yodzaza kabichi, kukhala pabenchi mpaka miyendo kufa, kuti mayi wa mafizo apapase n'kunena kuti, "Pitirizani." Pabenchi pomwepo ndinaona makosi a anthu. Panali telala wina wa kofia yemwe khosi lake limadzikoka lokha, popanda katundu popanda mphepo, ndipo anandiuza kuti kwa iye mafizo amangochepetsa, sachotsa. Panalinso kamtsikana kovala yunifolomu ya sukulu, diso lina m'mwamba lina m'munsi, kakudikira tsiku la opaleshoni. Mayi ake anati ankayesa zidzatha zokha. Mpongozi anakayang'ana kamtsikanako nthawi yaitali, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi iyeyo amene ankandiitanitsa pamphasa ndikachedwa.

Mvula inagwa, tinadzala, tinapalira, tikupitiriza. Mwana akadwala chimfine tinkapumula, n'kupeza mnofu wabwerera m'mbuyo. Masiku ena mpongozi ankagwira mutu misozi ikugwera pachipumi pa mwana, ndipo ine ndinkayang'anitsitsa denga ngati ndikuwerenga mapaso. Ku Joni tinamuuza mwana wathu. Anati, "Chitani zomwe anena achipatala," kenako anafunsa za ng'ombe. Sindinadziwe kuti mumtima mwake munali chiyani, ndipo sindinafunse.

Ntchito imodzi yokha ndi yomwe inandiyenera. Mayi wa mafizo anati pazikhala chinthu chaphokoso kumanja kwa mwana choti azichicheukira. Mkazi wanga, yemwe pofika apa anali atayamba kubereka mwana mbali yoyenera koma osavomera kuti akutero, anati, "Chaphokoso chopanda ntchito tili nacho kale pakhomo pano." Ndiye masana aliwonse ndinkakhala kumanja kwa mdzukulu wanga n'kumamuwerengera mokweza. Anamva theka la nkhani za mpira, theka la milandu ya kukhoti, theka la malangizo a kawetedwe ka nkhumba. Poyamba ankanditumizira maso okha. Kenako kachibwano kanayamba kutsatira pang'ono, ngati chitseko cha dzimbiri. Ine ndinkayesetsa kusuntha pepala m'malo mwa mutu, koma ndikafika pokoma ndinkapezeka ndapendekeka kale.

Kanyemba kaja kanasungunuka osatsanzika. Pofika nyengo ina yokumba kachewere, mwana anali atayamba kuponda yekha. Tsiku lina tinali pabwalo kusankha mbatata, zikuluzikulu za ku Lizulu, zing'onozing'ono za mbewu, amayi a m'mudzi atabwera kudzathandiza. Mwana anakhala pambali pa mulu. Tambala analira kumbuyo kwake, mbali yakumanja, ndipo iye anatembenuza mutu wonse mpaka chibwano kufika paphewa, n'kubwerera, n'kupitiriza kuluma mbatata yadothi. Ndinaona ine, anaona mayi ake. Mlongo wanga anaonanso.

"Wawongoka ndithu," anatero mokweza, akuponya mbatata m'thumba. "Mwagwira ntchito, achimwene. Nanga pano akufanana ndi ndani?"

Manja onse anaima. Mpongozi anaweramira dengu lake.

Ine ndinayang'ana mdzukulu wanga. Mwanayo, poona kuti ndamuyang'ana, anadzuka, anadzandira kubwera kwa ine, n'kundipatsa mbatata yake yolumidwa, yamalovu. Kwathu kuno munthu akakupatsa kanthu sungoti zikomo n'kusiyira pomwepo. Umaomba m'manja n'kumutchula mfunda wake, dzina la mtundu lomwe mwana amatenga kwa bambo ake. Ndinapukuta dothi, ndinaomba m'manja mofatsa ngati ndikulandira ng'ombe, n'kumuthokoza ndi mfunda wathu, mokweza, kuti ndi a kuseri kwa khola omwe amve.

Mwana anakondwa ndi kuomba m'manjako. Anatola mbatata ina, anayang'anayang'ana woti amupatse, n'kulunjika kwa mlongo wanga.

Mlongo wanga anayang'ana kadzanja kotambasukako. Mfunda umenewo ndi wakenso, tinautenga kwa bambo mmodzi. Kulandira chinthu ali chete pamaso pa anthu sakanatha, kubweza dzanja la mwana sakanathanso. Anapukuta manja pachitenje nthawi yaitali. Kenako anaomba mofooka, n'kutchula mfundawo chapansipansi, ngati munthu womeza piritsi popanda madzi.

"Kuno sitinamve," anatero mkazi wanga osadzutsa mutu.

"Wamva mwini wake," anayankha mlongo wanga, n'kuponya mbatata ija m'thumba la mbewu.

Ngati pamjigo nkhani inatheratu sindidziwa, amuna sitiuzidwa. Chomwe ndimaona n'chakuti mpongozi amatunga madzi nthawi imodzi ndi anzake. Tinabwerera ku ulemu wathu wakale, iye amapatuka panjira, ine ndimayang'ana kwina, ngakhale nthawi zina amaiwala n'kundiuza yekha kuti tiyi wapsa. Mwana wathu wa ku Joni uja sanabwerebe kudzaona ndi maso ake. Mdzukulu akatopa chakumadzulo kamutu kamatsikirabe pang'ono kumanja, ndipo mayi wa mafizo anati tiziyang'anira. Ndikamuona choncho, atatsala pang'ono kufanana nane, ndimamuyang'ana kaye kanthawi. Kenako ndimanyamula mpando kupita nawo kumanja kwake, ndimafunyulula pepala la usipa, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pomwe anang'ambira.